Kodi Mnyamata Wolakwa pa Bwalo la Mpira Alandiridwenso?

Kuno kwathu ku Manyamula kunabuka mlandu m'nyengo ya masika, anthu atatha kututa cimanga; ndipo ungakhale unayambira pa bwalo la mpira, sunathera pomwepo, koma unafika ku mphala, ku cigayo ndi ku citsime, kotero kuti angakhale amai okalamba amene sanapenya mpira ndi kale lonse anali nao mau pa nkhaniyi. Ndayesa kuti nkwabwino kuufotokoza m'masamba ano, pakuti ndidziwa kuti mlandu wotere suli wa mudzi wathu wokha.

Pali mnyamata wa zaka 17, amene sindidzamchula dzina, popeza moyo wace wonse ukali patsogolo, ndipo colembedwa sicifafanizika msanga. Ndinamphunzitsa ine mwini kuwerenga ndi kulemba. Pa zaka zonse ndakhala mphunzitsi sindinaona mwana wina amene mpira ummvera monga ummvera iye. Akaulandira ku phazi lamanzere, ana ayamba kupfuula asanaumenye nkomwe. Tsiku lina gulu lathu linalikusewera ndi anyamata a mudzi wina. Mmodzi wa iwo anampinga ndi mwendo, iye nagwa, koma woimbira sanaliza wenzulo. Pomwepo mnyamata anauka, natukwana woimbirayo, munthu wa msinkhu wa atate wace, pamaso pa khamu lonse. Nabvula malaya a gulu, nawaponya m'pfumbi, namka kwao. Anzace khumi anatsala okha, nagonja. Ndipo sikunali kuyamba: kawiri kawiri iye analikujomba masiku okonzekera, podziwa kuti tsiku la masewero sadzamsiya kunja.

Atapita masabata atatu, anthu anayamba kumuona madzulo alikuima patali, kuseri kwa mtengo, kupenya anzace alikusewera. Pambuyo pace atate wace aang'ono, amene amsunga popeza atate womubala ali ku Joni, anadza kwa akuru a gulu, napempha kuti mwanayo alandiridwenso. Akuruwo anagawikana pakati. Ena anati, Iai, wadzicotsa yekha. Ena anati, Abwere mawa lomwe, pakuti popanda iye sitimwetsa cigoli. Anandifunsa ine maganizo anga, ndipo ndinapempha sabata limodzi kuti ndilingalire. Zimene ndinazipeza ndi izi.

Poyamba tisanyoze iwo amene akana, monga ngati ali anthu ouma mtima. Ali nazo zifukwa zitatu, ndipo zonse nzolemera. Coyamba ncakuti mpira ndi masewero a anthu khumi ndi mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo iye amene acoka masewero ali pakati sacimwira woimbira yekha, koma anzace khumi amene anamkhulupirira. Caciwiri ndi cilungamo. Alipo anyamata amene sanajomba tsiku limodzi, amene adza pa njinga kucokera kutali, amene athira phulusa m'mizere ya bwalo ndi kusoka ukonde ukang'ambika. Koma alibe phazi longa lace. Tikambweza uyu lero ndi kukhazika pansi mmodzi wa iwo, tidzakhala tawauza kuti kukhulupirika kulibe mphotho, ndi kuti lamulo ligwira osowa luso okha. Cacitatu ndi ana aang'ono aja okhala m'mbali mwa bwalo. Ana saphunzira ndi makutu monga aphunzira ndi maso. Akaona kuti munthu akhoza kutukwana wamkuru Loweruka, nabvalanso malaya Loweruka linalo, palibe mphunzitsi angathe kufafaniza phunzirolo pa bolodi Lolemba. Mmera mpoyamba.

Tsono titembenukire kwa iwo amene afuna kuti abwere. Ndinawafunsa funso limodzi, ndinati, Akadakhala kuti wocita izi ndi mnyamata uja wosathamanga, amene timlowetsa pokhapokha wina akabvulala, kodi mukadadza kudzampepesera? Anakhala cete, ndipo mmodzi anaseka. Kuseka kumeneko kunandiululira pamene pagona mlandu. Ambiri amene analikuchula cifundo sanalikufuna mnyamatayo. Analikufuna mwendo wace wamanzere. Cifundo cotere ndi malonda: ife tikugulitse cikhululukiro, iwe utilipire zigoli. Ndipo mnyamata sali wopusa. Adzazindikira mtengo wace, nadzadziwa kuti malinga mwendo ukali wamphamvu, pakamwa pace pakhoza kunena ciri conse. Tsiku limene bondo lidzathyoka, amene anamnyamula pa mapewa adzamtula pansi, ndipo iye adzatsala ndi pakamwa paja pokha.

Cifukwa cace ndinena kuti luso si cifukwa ca kulandiranso munthu. Luso ndi mphatso. Ndipo mphatso siifafaniza mangawa, koma iwaonjeza, pakuti wopatsidwa zambiri ali nazo zambiri zoyankha. Ngati tidzamlandira, tiyenera kumlandira pa cifukwa cimene cikadakwanira angakhale kwa mnyamata wosathamanga uja. Kodi cifukwa cotere cilipo? Ine ndiyesa kuti cilipo, ndipo ndi ici: kuti akali mwana, ndi kuti colakwa cace ndi ca cibwana.

Tiyenera kusiyanitsa cibwana ndi kuipa mtima, pakuti zipatso zace zifanana pa tsiku loyamba, koma mizu yace njosiyana. Woipa mtima alingalira coipa cace usiku, nasankha nthawi, nafafaniza mapazi ace. Ndipo akagwidwa amva cisoni cifukwa ca kugwidwako. Wacibwana acita asanaganize, poyera, pamaso pa anthu onse, monga moto wa mapesi umene ulilima kanthawi nuzima. Ndipo m'mawa mwace manyazi amgwira, nasowa ndi poyambira kupepesa. Ndiponso ziwalo za munthu sizikhwima tsiku limodzi. Ophunzira za thupi apeza kuti mbali ya kutsogolo ya ubongo, imene ithandiza munthu kudziletsa ndi kuyeza mathero a cinthu asanacicite, icedwa koposa mbali zina, ndipo ikalikukhwima munthu atapitirira zaka 20. Makolo athu analibe mau amenewa, koma cinthuco anacidziwa. Ncifukwa cace sanapatsa mnyamata mau pa bwalo la milandu tsiku limene anamera ndebvu. Dzungu likhoza kukula ngati mutu wa munthu, m'kati likali lanthete. Miyendo itsogola, nzeru idza pambuyo.

Kuti ndidziwe ngati mnyamata wathu ali wa mtundu uti, ndinamka kwao madzulo ena, ndinampeza alikutsekera ng'ombe m'khola. Ndinayembekeza kuti adzanena za woimbira, kuti analakwa posaliza wenzulo. Ndipo kunena zoona, ambiri amene anaona anati woimbirayo analakwadi. Koma sanachula zimenezo. Anakhala nthawi alikukumba pansi ndi cala ca ku phazi, nati, Aphunzitsi, malaya aja anawatola ndani? Ndinamuuza kuti anawatola mwana wa m'kalasi laciwiri, nawakuntha pfumbi, nawapereka kwa akuru ndi manja awiri. Iye anatembenuka, napenya ku khola, osanenanso kanthu. Wonyada safunsa funso lotere. Ndinabwerako nditadziwa kuti cimene cinamuimika kuseri kwa mtengo si matama, koma manyazi; ndipo pamene pali manyazi, nthaka ikali yolimika.

Koma pali cina cimene akuru sanakonda kucimva. Cibwana ca mnyamata waluso cicedwa kutha koposa ca anzace, ndipo ocicedwetsa ndife. Mwana wamba akajomba, timdzudzula tsiku lomwelo, nacira. Uyu anayamba kujomba ali ndi zaka 13, ndipo panalibe womdzudzula, pakuti Loweruka linalikudza. Ndibvomera pamaso pa owerenga kuti inenso ndinamlekerera: tsiku lina anafika mocedwa, osalemba nchito yace, ndipo ndinangomwetulira, cifukwa masiku omwewo anatimwetsera zigoli zitatu. Tinamuimbira nyimbo, tinamcha maina a osewera ochuka a ku Ulaya. Kale mwana wa kuno anakulira ku ubusa ndi ku mphala, kumene akuru analanga wamphamvu ndi wofooka mofanana, ndipo wolekerera ng'ombe m'munda wa eni sanapulumuka cifukwa ca kudziwa kubvina ingoma. Lero atate ambiri ali kutali, ndipo bwalo la mpira ndilo lasanduka mphala. Koma ife akuru a mphala yatsopanoyi tinaomba m'manja pamene tinayenera kulangiza. Mtengo umene tinauthirira wokhota zaka zinai, lero tifuna kuudula cifukwa ca kukhota kwace. Kumtaya iye ndi njira yapafupi ya kubisa kulakwa kwathu.

Kuti tisangoyenda m'maganizo okha, tione munthu amene dziko lonse limdziwa. Gabadinho Mhango anabadwa m'caka ca 1992 ku Chiweta, m'boma la Rumphi, kumpoto konkuno. Atasewera ku Big Bullets ku Blantyre, anamka ku South Africa m'caka ca 2013. Ndipo mu 2017 anali mmodzi wa iwo amene anatengera Bidvest Wits cikho ca ligi ya dzikolo, koyamba m'mbiri ya gululo. Caka comweco, m'mwezi wa September, posewera ndi AmaZulu, analabvulira malobvu wosewera mnzace, Michael Morton, ndipo anthu ambiri anaciona pa kanema. Cinali cinthu camanyazi. Oweruza a ligi anamletsa kusewera masewero angapo. Koma cilangoco cinali ndi malire, ndipo citatha anabvalanso malaya. Mu 2019 anamka ku Orlando Pirates, namwetsa zigoli 16 m'nyengo ya 2019 ndi 2020, nalingana ndi Peter Shalulile wa ku Namibia pamwamba pa omwetsa zigoli onse a ligiyo. Kumapeto kwa 2021 sanalikuseweranso kawiri kawiri ku Pirates; koma gulu la dziko lathu, Flames, linamtenga kumka naye ku Cameroon. Kumeneko, mu January 2022, anamwetsa zigoli ziwiri zimene tinagonjetsa nazo Zimbabwe, ndipo Malawi anapitirira ndime yoyamba ya mpikisano wa maiko a mu Africa, cinthu cimene sicinacitika kale. Pa 25 January ku Yaoundé, zitapita mphindi 7 zokha, anaumenya ali kutali ndithu, nudutsa pamwamba pa Yassine Bounou, goloboyi wa Morocco, nulowa. Tinagonja 2-1, koma kumbukirani kuti Morocco yemweyo, ndi goloboyi yemweyo, anafika pakati pa maiko anai otsiriza pa Cikho ca Dziko Lonse ku Qatar caka comweco.

Ticenjere pa phunziro la nkhaniyi. Cigoli ca ku Yaoundé sicinatsuka malobvu a 2017. Cigoli sicitsuka kanthu. Cimene nkhaniyi iphunzitsa ncakuti tsiku limodzi la manyazi silinena zonse za munthu, ndi kuti cilango cokhala ndi mathero cisiya malo kuti zotsalazo zioneke. Kunateronso ku England. David Beckham, ali ndi zaka 23, anaponda Diego Simeone wa ku Argentina mwacibwana pa Cikho ca Dziko Lonse ca 1998, nacotsedwa m'bwalo, ndipo England anagonja. Anthu a kwao anamda kotero kuti ena anapacika cidole ca maonekedwe ace pa cingwe ku London. Koma Alex Ferguson, mphunzitsi wace ku Manchester United, anamsunga. Caka cotsatira gululo linatenga zikho zitatu iye alimo, ndipo mu 2000 anaikidwa mtsogoleri wa gulu la England.

Komatu gulu lomwelo la Manchester United liri ndi mbiri ina. George Best wa ku Belfast anayamba kusewera ndi akuru ali ndi zaka 17, ndipo mu 1968, ali ndi zaka 22, anayesedwa wopambana osewera onse a ku Ulaya. Anayamba kumwa ndi kujomba. Anamlanga, namlandiranso, kawiri kawiri, pakuti panalibe wina wonga iye. Anacoka ku gululo mu 1974 ali ndi zaka 27 zokha, namwalira mu 2005, mowa utaononga thupi lace. Sindimweruza, pakuti ukapolo wa mowa ndi nthenda yoposa cibwana. Koma taonani kuti iye sanasowa omtsegulira khomo. Potero kulandiranso pa kokha si mankhwala otsimikizika. Kukhoza kuciritsa, kukhozanso kulephera, monga mwa kaperekedwe kace.

Mlandu wathu womwewu unalekanitsa kale anthu awiri oposa akuru a ku Manyamula. Owerenga adziwa za Yohane Marko, msuweni wa Barnaba, amene anatsagana ndi Paulo ndi Barnaba pa ulendo woyamba, nawasiya ku Perge, nabwerera ku Yerusalemu nchito isanathe. Pofuna kuyamba ulendo waciwiri, Barnaba anafuna kumtenganso, Paulo anakana. Ndipo anatsutsana kolimba kufikira analekana. Paulo anapenya nchito, Barnaba anapenya munthu. Ndipo wolemba nkhaniyo sanena kuti wolakwa ndani. Koma taonani cimene Barnaba anacita. Sanakakamiza Paulo kusenza katundu amene Paulo anamkana. Anamtenga Marko iye mwini, namka naye ku Kupro, nataya ulendo wa pamodzi ndi bwenzi lace lakale. Cifundo cace anacilipira yekha. Ndipo zitapita zaka, Paulo yemweyo ali m'ndende analembera Timoteo kuti adze naye Marko, popeza anamuona wothandiza pa nchito. Ndiyesa kuti Marko anapindula ndi onse awiri: kukana kwa Paulo kunamdziwitsa kulemera kwa cimene anacita, ndi dzanja la Barnaba linamletsa kumira naco.

Davide anacita mwina ndi Abisalomu. Anamlola kubwera ku Yerusalemu atapha mbale wace, koma zaka ziwiri sanaonana naye. Ndipo pamene anaonana, anampsompsona, koma sitiwerenga kuti panali kulapa kapena kudzudzula. Mathero ace tiwadziwa tonse. Pali kulandira kumene kuli kuthawa nchito ya kulanga, monganso pali kupitikitsa kumene kuli kuthawa nchito ya kulera. Zonse ziwiri nzopepuka, ndipo ncifukwa cace tizikonda. Pakuti cilango cabwino cigwira nchito zitatu: cibwezera ulemu kwa wolakwiridwa, cicenjeza openya, ndipo ciongola wolakwa. Wolandira msanga ataya ziwiri zoyambazo. Wopitikitsa ataya cacitatu. Tiyenera kufuna njira imene isunga zonse.

Ife a kuno ku Mzimba, dziko la ng'ombe, sitiyenera kuphunzitsidwa njira imeneyi ndi alendo. Ng'ombe yaing'ono yamphamvu ikaikidwa m'goli tsiku loyamba idumpha, ikhotetsa mzere, nthawi zina ithyola ndi goli lomwe. Mwini wanzeru saipereka kwa ogulitsa nyama cifukwa ca ici, pakuti adziwa kuti yodumphayo ndiyo idzakoka ngolo yodzala pa mcenga wa mtsinje. Koma saimasulanso kuti ikadye msipu pamene zinzace zilikulima. Aimanga m'goli limodzi ndi ng'ombe yokalamba yodziwa mzere, nayamba ndi cipika copepuka, kenaka ngolo yopanda kanthu, potsiriza khasu la m'munda. Momwemo anacita Donald Fraser, amene anakhazika mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902: maimbidwe a Angoni, amene kale anaperekeza anthu ku nkhondo, sanawapha, koma analimbikitsa Akristu a kuno kuti aikemo mau a kulemekeza Mulungu. Mphamvu siitayidwa, iongoledwa.

Cifukwa cace ndinayankha akuru kuti mnyamata alandiridwe, koma alowere pa khomo, osati pa zenera. Ndipo ndinachula zinthu zinai.

Coyamba, apepese ndi pakamwa pace, osati pa pakamwa pa atate wace aang'ono. Kwa woimbira poyamba, kenaka kwa anzace khumi. Ndipo popeza anatukwana poyera, apepese poyera, kuti ana amene anamva mau oyamba amvenso aciwiri.

Caciwiri, cilango cikhale ndi muyeso wodziwika kuyambira tsiku loyamba: masewero anai asabvale malaya. Cilango copanda tsiku lotha ndi kupitikitsa kobisika; ndipo cilango cimene cifupika gulu likagonja ndi masewera a ana.

Cacitatu, masabata amenewo asakhale kwao. Adze masiku onse okonzekera, atunge madzi, athire phulusa m'mizere, acape malaya amene anawaponya m'pfumbi, atumikire iwo amene anawasiya. Ndipo pobwera ayambire pa benchi, kuti mnzace wokhulupirika uja asacotsedwe tsiku lomwelo cifukwa ca iye. Malo ace awapezenso ndi thukuta monga wina ali yense.

Cacinai, akhale naye Barnaba wace: munthu mmodzi wamkuru, wodziwika ndi dzina, nkhoswe imene idzayenda naye, nidzamlangiza m'tseri asanagwe poyera, nidzayankha mlandu akagwanso. Amene apempha kuti mwana akhululukidwe, koma iye mwini safuna kusenzako kanthu, apereka cifundo ca m'thumba la eni.

Ndipo ifenso tiri nao mangawa athu. Cilango cikatha, cathadi. Asamveke munthu womcha dzina la colakwa cace, pakuti bala limene ulitokosa masiku onse silipola. Ndiponso lamuloli lilembedwe m'buku la gulu, kuti ligwire ndi kuombola ali yense, waluso ndi wosathamanga. Potero cimene tacitira mmodzi sicidzakhala tsankho, koma mwambo wa onse.

Wina adzafunsa, Nanga akabwereza? Kodi sitinaphunzitsidwa kukhululuka kosawerenga? Indedi, koma kukhululuka ndi kubweza udindo ndi zinthu ziwiri. Cikhululukiro cicokera mumtima, ndipo ciribe ciwerengo. Mnyamatayo akalakwa kakhumi, tidzampatsa moni, tidzadya naye nsima, sitidzamsungira cakukhosi. Koma malaya a gulu si anga kuti ndiwapereke monga ndifuna. Ndi a anthu khumi ndi mmodzi, ndi a mudzi. Msungi wa cuma ca mpingo akaba nalapa timkhululukira, koma sitimbwezera thumba sabata lomwelo. Akabwereza, cilango cikule, ndi kudikira kutalike. Ndipo pali zolakwa zimene siziri za cibwana konse, monga kuthyola mnzace mwendo dala, kapena kulandira ndalama kuti gulu lace ligonje. Izo zilingaliridwa usiku, ndipo ziri ndi muyeso wina.

Potsiriza tikumbukire kumene tikhala. Midzi yathu yambiri iri nao ana ace ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town. Nyumba za malata zambiri zimene tiziona zamangidwa ndi ndalama za kumeneko, ndipo sitinyoza. Koma tidziwanso kuti mnyamata amene aona kuti kwao alibenso malo safunsa nzeru kwa munthu. Agulitsa njinga, nakwera galimoto, namka ndi cibwana cace cosaongoledwa ku dziko kumene kutukwana munthu sikulipidwa ndi masewero anai. Bwalo la mpira ndi sukulu yotsika mtengo ya kudziletsa: wolakwa pamenepo ataya Loweruka, koma wolakwa m'tsogolo ataya nchito, banja, kapena moyo. Nkwabwino kuti agwe pano, pamene pali omdzutsa.

Akuru anabvomera, angakhale ena monyinyirika. Ndipo pamene anafunsa kuti nkhoswe idzakhala yani, maso onse anapenya ine. Ndipo sindinatha kukana, pokumbukira kumwetulira kwanga kuja. Mnyamata anapepesa, mau ace anali ocepa, ndipo anawanena alikupenya pansi, koma woimbira anamgwira dzanja. Polemba izi watha masewero atatu a cilango cace. Loweruka lapitali tinagonja 1-0, iye atakhala pa benchi ndi cigubu ca madzi pa miyendo. Anthu ena anapfuula kuti alowe, ndipo ndinaona zala zace zirikunjenjemera, koma sanauka. Sindilonjeza owerenga kuti wacira. Wobzala salumbira za nkhokwe mbeu ikali m'nthaka.

Koma inu abale, amene muli nao anyamata otere m'midzi mwanu ndi m'sukulu zanu, ena a mpira, ena a liu lokoma, ena a mutu wa masamu, musafunse kokha kuti, Kodi ayenera kulandiridwanso? Dzifunseni kuti, Ndani mwa ife adzalowa naye m'goli? Akapezeka munthu ameneyo, mlandireni mwanayo. Akasowa, dziwani kuti mlandu suli wa mnyamata yekha.

Mphunzitsi, Manyamula.